Kukatenga malaya a Luka ku Lichinga

Ine ndine Barnaba, msodzi wa ku Chiwanga. Pamadzi sindiopa kanthu. Mwera wandipezapo pakati pa nyanja, ndabwerako. Chimene ndimaopa ndi msewu, ndipo chinandiopsa ndi ulendo umodzi wokha, wa ku Lichinga, nthawi ya nkhondo.

Msewu umenewo ndi umene unadya mng'ono wanga Luka. Anakwera kolona, malole aja oyenda mondondozana ndi asilikali, kupita ku Maniamba kukasinthitsa usipa ndi chimanga. Anthu a m'tchire, zigawenga zija, anawabisalira pachitunda. Malole anapsa. Ena anapezeka, ena ayi. Luka sanapezeke.

Tinadikira. Mvula inabwera, inatha, inabweranso. Kwathu munthu akafa mtembo osapezeka, kaya wamira kaya wasowa, akulu amadula thunthu la nthochi, amalikulunga m'chovala chake n'kuliika m'manda. Apadiri amabwera kudzapemphera ngati pa maliro ena onse. Popanda zimenezo maliro saliridwa. Mkazi sameta, sasudzulidwa. Amangokhala, si wamasiye, si wapabanja.

Vuto linali chovala. Zaka zimenezo ena ankavala masaka. Luka anali ndi malaya amodzi ndi kabudula mmodzi, ndipo anapita nazo pathupi. Mkazi wake, alamu anga a Anesi, anabweretsa bulangete. Akulu anakana. Anati munkafunda awiri, tikaika ili ndiye kuti taika ndi inu omwe.

Tsiku lina ndikusoka ukonde, anafika apurofesoro Jaime a pasukulu yathu, atangobwera kumene kuchokera ku Lichinga.

"A Barnaba, mng'ono wanu ndamuona."

Ndinaimirira, ukonde unagwa.

"Ayi, pepani, ndayamba molakwa. Si iyeyo. Ndi chithunzi chake, ndi malaya aja anavala m'filimu. Aziika mu holo ina pafupi ndi sinema kuti anthu aziona. Koma sizikhalitsa, akuti zipita kwina."

Nkhani ya filimuyo ndi iyi. Apwitikizi atangochoka, nkhondo yathuyi isanafike, kunabwera anthu a sinema ochokera ku Maputo kudzajambula za nkhondo yoyamba ija, yomenyera ufulu. Ankafuna asodzi odziwa kupalasa. Ine ndinakana. Luka anali wachibwana, analola. Anamuveka malaya obiriwira a usilikali, anamupatsa mfuti ya mtengo, ndipo masiku ambiri ankangopalasa bwato uku ndi uku pamaso pa makina awo, thukuta lili kamukamu. Pomaliza ankayenera kuwomberedwa n'kugwera m'madzi. Tsiku limenelo ine ndinali ku ntchito yanga, sindinaone. Atamaliza analongedza zonse n'kupita. Filimuyo kwathu sinafike.

Ndinapita kwa akulu. Anafunsa funso limodzi: thukuta lake lilimo? Ndinati lilimo. Anati ndiye ndi ake, kawatengeni.

Ndinauza a Anesi kuti ndipita ndekha.

"Mukukatenga mwamuna wa yani?"

Ana a Anesi anawasiya kwa amayi athu, tinanyamuka awiri.

Ku Metangula tinapita wapansi, chikalata chaulendo chili m'thumba. Kumeneko kunali kudikira. Tsiku lonyamuka kolona silinkanenedwa. Ankati likanenedwa, likafika kutchire ife tisanafike. Ndiye munthu unkangokhala pamsika, katundu ali pamwendo, maso ali pa malole. Asilikali akathamanga, tonse tinkaimirira. Akakhala, tinkakhala. Chinangwa chimene tinatenga chinayamba kutha tisanayende ndi pang'ono pomwe.

Pafupi nafe pankakhala mayi wina wa ku Nkholongue, a Rozina, wamalonda a usipa, wamkulu thupi ndi pakamwa pomwe.

"Mukukagulitsa chiyani ku Lichinga, achimwene?"

"Palibe."

"Mukukagula chiyani?"

"Palibe. Tikukaona zovala za sinema."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Anthu akufera chimanga pamsewu uwu, inu mukukafera sinema? Mayi, awa ndi amuna anu?"

"Ndi alamu anga," anatero a Anesi.

"Bola."

Kenaka azimayiwo anakhala paokha n'kumanong'onezana. Atabwerako, a Rozina sanandisekenso. Anandinyemera mbatata.

Mmawa wina injini zinangolira. Anthu anathamanga ngati nkhuku zaona kabawi. Aliyense ankafuna lole ya pakati. Yoyamba ndi ya mina, bomba lokwirira pansi lija. Yomaliza ndi ya zipolopolo zakumbuyo. Ine kulimbana ndi anthu sindidziwa, ndiye tinapezeka m'lole yotsatana ndi ya asilikali, kutsogolo kwenikweni. A Rozina anakwera momwemo, akutukwana.

Woyendetsa anali a Saide, Myao wa ndevu zoyera. Ndalama anazikana. Anati ku Lichinga m'maloja, m'masitolo muja, muli mashelefu okha, pepala ndikadya? Ndinawapatsa kadengu ka utaka wouma. Ananunkhiza, anavomera.

"Mukamva kulira, gonani pamatumba. Osadumpha. Wodumpha amaponda mina."

Tinayamba kukwera chitunda. Lole inkalira ngati ng'ombe yomangidwa. Udzu m'mbali unali wautali kuposa munthu. Ine ndinazolowera nyanja, kumene chobwera umachiona chili kutali. Pano chilichonse chinali pafupi, ndipo sichinkaoneka.

Pakati pa chitunda injini yathu inawira. Utsi woyera. A Saide anatsika ndi chigubu cha madzi, kolona yonse inaima. Injini zitazima ndinamva mtima wanga. Khanda lina linayamba kulira, amake analitseka pakamwa ndi bere. Asilikali anatsika, mfuti zitaloza kuudzu. Ambiri anali achichepere, ena opanda nsapato.

Nthambi inathyoka kumtunda. Phwa!

Zimene zinatsatira sindingazilongosole bwino. Mfuti zonse zinalira pamodzi. Ndinapezeka nkhope ili m'thumba la usipa, chinthu cholemera chitandipsinja kumsana. Ndinati ndafa, umu ndi mmene zimakhalira. Ndinaitana dzina la a Anesi, mawu sanatuluke.

Kenaka zii. Wina anakuwa kuti ndi anyani.

Cholemera chija chinali a Rozina. Anadzuka, anakonza mpango wawo.

"Achimwene, mmene mwandigwiramu, tikabwerera mutumize ankhoswe."

Ena anaseka. Kabudula wanga anali wonyowa, ndipo si madzi a a Saide.

Titayenda pang'ono, pokhota, tinaona zitsulo. Malole opsa atagona cham'mbali, adzimbiri, udzu utamera m'kati. Pansi panali mphika wobooka ndi nsapato imodzi ya tayala. A Saide sanachepetse liwiro, koma pachitunda lole siithamanga. Tinaona zonse.

A Anesi anaimirira.

"Ndi pano?"

"Ndi pano."

Anaika phazi pa thabwa la m'mbali. Ndinagwira chitenje chawo.

"Alamu, m'mbali muli mina."

Anatsegula pakamwa. Koma mawu anawameza. Sakanalira, maliro anali asanatsegulidwe. Anakhala pansi, anayang'ana mapazi awo mpaka ku Maniamba.

Polowa ku Maniamba panali kontrolo, chingwe chomangidwa nsanza chopingasa msewu. Wamkulu wake anali sarijento wina wamtali, maso ofiira ngati sanagone chaka. Anayang'ana zikalata mozondotsa, anatibwezera. Anati msewu wa kutsogolo sunayere, tidikire.

Tinadikira masiku. Kumtunda kuja kumazizira, ife a kunyanja tinalibe chofunda chokwanira. Tinkagona pansi pa lole. Masana alimi ankabwera ndi chimanga ndi chinangwa, a Rozina n'kumakangana nawo pa muyezo wa mbale. Mkulu wina wovala saka anandiuza kuti nyumba zawo amangoziona masana, kukada amapita kukagona m'mapanga. Ndinamufunsa kuti a m'tchire ali kutali bwanji. Analoza ndi mlomo phiri limene linali pamphuno pathu. Sindinafunsenso.

Titanyamuka, tinkayenda ngati nkhono. Asilikali ena ankayenda pansi kutsogolo, akubaya dothi ndi ndodo zachitsulo. A Saide ankaponda ndendende mmene yaponda lole ya kutsogolo, thukuta likutsika m'ndevu ngakhale kunali mphepo. Tinadutsa dzenje lalikulu pakati pa msewu, dothi lake likadali latsopano. Tinadutsa mudzi wopanda munthu. Zitseko zotsegula, mtondo utagwa pabwalo, ngakhale nkhuku panalibe. A Rozina, amene pakamwa sipankatseka, ankangoyendetsa milomo, kupemphera. Ine ndinkayang'ana tayala la lole ya asilikali. Ndinkati likadutsa ilo, ifenso tadutsa. Maso anandiwawa.

Ku Lichinga tinafika nkhungu itagwa. Mitengo ya paini, nyumba za njerwa, mphepo yolowa m'mafupa. Tinafikira kwa akatekisiti ena a mpingo wathu. A Rozina anapita kumsika, anati tikumana pa kolona yobwerera, ngati Mulungu alola ndi anyani.

Holoyo tinaipeza ndi mzere wa anthu. Kulowa kunali kwaulere. Ndinaganiza kuti ndingolowa, nditenge malaya, ndituluke. Sizinatero.

Nditangolowa pakhomo ndinakumana ndi mzungu wa boma, adiminisitiradoro, atavala zoyera kuyambira chipewa mpaka nsapato. Ndinavula chisoti changa ndisanaganize. Kenaka ndinaona kuti alibe nkhope. Inali suti yokha, atayiphatika udzu m'kati n'kuiimika pamtengo. Anthu kumbuyo anaseka. Nkhalamba ina pambali panga inali itavulanso chisoti. Tinayang'anana, tinavala.

Ndinayenda pang'onopang'ono. Ine si munthu wodabwa ndi zinthu, koma apo ndinadabwa. Panali machila onyamulira mzungu, nsungwi yake yosalala ndi mapewa a anthu. Panali zipewa zofiira za asipayi, apolisi a atsamunda aja. Panali mbalamatodya, thabwa la mabowo lija ankamenyera m'manja. Ameneyo sanali wongopeka, anali weniweni. Abambo athu anabwera ndi mabala ake kunyumba m'zikhatho, ndikukumbuka. Panali diresi la dona, la nsalu yonyezimira ngati mamba a chambo, mabatani ang'onoang'ono kumsana osawerengeka. Azimayi anaunjikana pamenepo, ena atavala zigamba zokhazokha. Wina anatambasula chala kuti akhudze, anabweza yekha.

Mfuti zinali pakhoma. Ndakhala pakati pa mfuti zenizeni ulendo wonse, koma izi zinandinyenga. Mpaka nditayandikira ndi pamene ndinaona kuti ndi mtengo wosema, wopakidwa mankhwala a nsapato, mpope wake ndi chitsulo cha njinga. Amene anasema anali mmisiri. Ndinaima nthawi, kuyang'ana mmene anadulira.

Pakona panali bwato. Ndinalidziwa, linali la kwathu, kasemedwe kake ndi ka ku Chiwanga. Koma analidula pakati, theka lokha. Ndinakwiya. Bwato labwino.

A Anesi sanaime pa chilichonse cha izi. Ndinawapeza kumapeto, ataima chilili.

Malaya anali m'bokosi la galasi. Obiriwira, otuwa m'mapewa. Pachifuwa chakumanzere panali bowo, ndipo kuzungulira bowolo panali magazi ouma, otsikira mpaka m'munsi. Pamwamba pa bokosi panali chithunzi. Luka ali chiimire m'bwato, nkhafi m'manja, akuyang'ana kutali ngati munthu wanzeru. Sanali choncho. Koma anali iye.

A Anesi anaika chikhatho pagalasi.

"Osagwira, mayi."

Ananena ndi Chipwitikizi bambo wina wamfupi wa magalasi, atavala juzi. Anali woyang'anira zinthuzo, wa ku Maputo, dzina lake a Simiyawo. Chipwitikizi changa ndi cha kalasi yachinayi, koma ndinayesa. Ndinati uyu ndi mng'ono wanga, awa ndi akazi ake. Ndinati anasowa pamsewu. Ndinafotokoza za nthochi, za bulangete, za akulu. Mawu ena ndinalibe, ndinkaloza ndi manja. Ndinati tabwera kudzatenga malayawa.

Anavula magalasi, anawapukuta.

"Pepani kwambiri, kamarada. Koma sizingatheke. Izi ndi za anthu onse. Zikachoka pano zikwera ndege, anthu a zigawo zina akaonenso."

Ndinamasulira. A Anesi sanachotse maso pagalasi.

"Afunseni ngati anthu onsewo anamuberekera ana."

Sindinamasulire.

Ndinapempha kachiwiri. Ndinati dulani dzanja limodzi lokha la malayawo. Anapukusa mutu. Ndinaganiza za chitunda chija, kuti tichitsikanso chimanjamanja, ndipo a Anesi akalamba ali pakhomo pa mwamuna amene sanafe ndipo kulibe.

A Simiyawo anali akuyang'ana chithunzi.

"Dikirani. Uyu si uja anaseka?"

"Anaseka?"

"Ndinalipo ine, ndinkasunga zovala. Tsiku lomuwombera tinamuuza kuti ukamva kuphulika, gwira pachifuwa, ugwe. Tinabisa kathumba ka utomoni wa mlombwa m'malayamo, ndiwo magaziwo. Kunaphulika, anagwira pachifuwa, anagwa bwinobwino. Koma madzi anali ozizira. Anavuuka akuseka, mano onse panja, akukuwa kuti mayo ndafa ndi mphepo. Wamkulu wathu anaponya chipewa pansi. Filimu inali yodula, kamarada."

Ndinamasulira. Pakamwa pa a Anesi panagwedezeka.

"Ndi iyeyo," anatero.

"Ndiye mawa lake tinabwereza. Ku sinema chovala cha munthu wofa sichikhala chimodzi, timasoka ziwiri zofanana, chifukwa imfa kawirikawiri siyenda bwino ulendo woyamba. Awa ali m'galasi ndi a tsiku lachiwiri. Bwerani."

Anatilowetsa m'kachipinda ka kuseri. Munali mabokosi a chitsulo. Anafukula, anafukula, anatulutsa mtolo. Malaya omwewo, bowo lomwelo, magazi omwewo. Koma otuwa kwambiri, kolala yakuda ndi litsiro.

"Awa ndi amene ankavala masiku onse, mpaka tsiku losekalo. Sitinawachape."

A Anesi anawatenga ndi manja awiri. Anaika nkhope m'khwapa mwa malayawo. Anakhala choncho nthawi. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Pepala sindingakupatseni," anatero a Simiyawo. "Mabwana anga sakudziwa. Ndipo samalani. Awa ndi malaya a usilikali."

Sindinafunike kuuzidwa. Mantha amene ndinabwera nawo anali ang'ono. Tsopano ndinali ndi malaya a msilikali, obooka pamtima, a magazi, ndipo pakati pa ife ndi kwathu panali makontrolo.

A Anesi ankafuna kuwanyamula m'manja, poyera.

"Munthu sabisidwa m'thumba, alamu."

Ndinakana. Ndinawapinda, ndinawaika pansi pa thumba la nyemba zimene akatekisiti anatipatsa, ndinasoka pakamwa.

Kolona yobwerera inachedwanso. Tinapeza a Saide omwewo ndi a Rozina omwewo, usipa utasanduka chimanga ndi sopo. A Rozina anafunsa ndi maso. A Anesi anagwedeza mutu kuvomera. Ulendo uno sindinayang'ane tayala, kapena udzu. Ndinakhalira thumba langa. Msilikali aliyense woyang'ana kwathu ndinkati wadziwa.

Kontrolo yotulukira ku Lichinga tinadutsa. Ina ya pamlatho tinadutsa. Ku Maniamba chingwe chinali chokwezedwa, ndipo sarijento wa maso ofiira uja anali wolusa. Anthu ake ena anali ataphedwa kumene, pafupi ndi phiri lija. Analamula kuti tonse titsike ndi katundu.

Ankabaya matumba ndi mpeni wa kumfuti. Anafika pa langa. Nyemba zinakhuthuka. Mpeni unakoka nsalu yobiriwira.

Anaitambasula m'mwamba. Bowo. Magazi. Anthu amene anali pafupi nane anasuntha, ndinatsala ndekha.

"Za yani izi?"

"Zanga."

"Gwada."

Ndinagwada pa nyemba.

"Unamuvula ndani? Unamupha kuti?"

"Ndi za sinema, bwana. Si magazi, ndi mlombwa."

Anandimenya ndi chidendene cha mfuti pakhutu. Dziko linalira.

"Sinema! Ana anga ndawatola amaliseche m'tchire umu, mwawavula ndinu, lero ukuti sinema? Za sinema umasokera pansi pa nyemba?"

Chipwitikizi chonse chinathawa. Chinyanja chomwe chinathawa. Anaitana asilikali awiri, analoza kuseri kwa nyumba ina yopanda denga. Ndinkadziwa za kuseri kumeneko, aliyense ankadziwa. Anandigwira m'khwapa. Anandikoka. Ndinaona nyemba imodzi itamatirira pabondo langa. Sindikudziwa chifukwa chake ndikukumbuka zimenezo.

A Anesi anayenda molunjika kwa sarijento. Sanagwade, sanapemphe. Anagwira malayawo ndi manja awiri n'kukoka. Kaya anadabwa, iye anasiya. Anawayala pansi pakati pa msewu, anawongola manja ake, anakonza kolala. Anamasula mpango kumutu. Anakhala pansi, miyendo atatambasula.

Ndipo analira.

Si kulira kwa mantha. Kunali kulira maliro, kwa kwathu, kumene kumayambira pansi pa mimba. Anali atakusunga mvula ziwiri.

"Luka iwe! Mwamuna wanga ine! Unapita ndi usipa, wabwera ndi bowo! Ana ako ndiwauza chiyani ine! Luka, dzuka, tafika pa Maniamba, chimanga chako chija ndi ichi!"

A Rozina anaponya katundu wawo, anakhala pambali pawo, anayamba nawo. Kenaka mayi wa khanda uja. Kenaka azimayi a m'malole ena, amene sankamudziwa Luka, anabwera mmodzimmodzi n'kukhala mozungulira malayawo. Aliyense pamsewu umenewo anali ndi wake amene sanamuike. Ena ankatchula mayina ena. Alimi a pa Maniamba anatula madengu awo. Mkulu wovala saka uja anavula chisoti.

Amene anandigwira anaima. Mmodzi anali wa kunyanja, ndinamva kalankhulidwe. Ananena chapansipansi kwa sarijento kuti awa ndi maliro, kwathu timatero mtembo ukasowa.

A Rozina anadzutsa mutu, misozi ili mbwembwembwe, koma pakamwa pali pomwepo.

"Inu a sarijento, amene amavula mitembo amayenda ndi mkazi wa mtembowo? Mwamuna wa mayiyu anapsera pachitunda apo, mu kolona yanu yomwe. Mukufuna muwonjezere ndi mlamu wake? Ndiye mutipatsiretu kabudula wakeyo, tikaike zonse pamodzi."

Sarijento anayang'ana azimayiwo. Anawerama, anakanda magazi aja ndi chikhadabo, ananunkhiza. Sindikudziwa chimene anamva. Kenaka anatembenuka.

"Tsitsani chingwe."

Anandisiya. Ndinagwa, ndinadzuka. Khutu linkatuluka magazi enieni.

A Saide anapita pamtengo wa m'mbali, anathyola nthambi zaziwisi, anazizika kutsogolo kwa lole ndi kumbuyo, monga timachitira galimoto ikanyamula maliro. Anthu anasuntha matumba, anakonza malo pakati. A Rozina anayala chitenje chawo chatsopano, chogula ku Lichinga. A Anesi anagoneka malaya pamenepo. Thumba sanalitchulenso, ine sindinalitchulenso.

Tinatsika chitunda tikuimba nyimbo za maliro za kutchalitchi. Ndinkaopabe. Ndinkati a m'tchire atimva, phokoso lonseli. Ndinauza a Rozina kuti atsitse mawu.

"Atimve. Nawonso ali ndi amayi awo."

Pa malole opsa paja a Saide anaimitsa, ngakhale kuima kunali koletsedwa. Lole ya asilikali inaimanso. Palibe anatsika. A Anesi anaimirira, anayang'ana kuudzu.

"Luka, tiye kwathu."

A Saide analiza injini.

Ku Metangula anthu ataona nthambi anapatuka mumsewu. Apanjinga anatsika. Kuchokera pamenepo tinayenda wapansi, a Anesi patsogolo, malaya ali m'manja, poyera. Mbiri inatitsogolera. Tisanafike ku Chiwanga tinamva amayi athu ayamba kale kulira.

Thunthu la nthochi ndinadula ndine. Anyamata okumba anafunsa ngati akumbe laling'ono, poti ndi malaya chabe. Ndinati Luka anali wamtali kuposa ine, yezani pa ine muwonjezere. Anakumba.

Apadiri anapemphera. Tinakwirira. Mmawa mwake a Anesi anakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, ndipo azakhali athu anabwera ndi lumo.